Ayaan Hirsi Ali: mmene nkhani yake amaionera ku Netherlands ndi mmene tikanaionera kwathu

Lero ndabwera ndi nkhani imene kwathu timailankhula motsitsa mawu: nkhani ya munthu wolemba mabuku odzudzula chipembedzo chimene anakuliramo. Ine ndine Mkhristu wa ku Balaka, ndinakulira pakati pa Asilamu, ndipo tsopano ndikukhala ku Netherlands. Kuno mukangotchula dzina la Ayaan Hirsi Ali, anthu amagawikana pawiri mpaka lero, ngakhale kuti mwiniwakeyo anasamuka m'dziko muno mu 2006.

Mayiwa anabadwira ku Mogadishu, m'dziko la Somalia, mu 1969. Bambo awo ankatsutsa ulamuliro wa Siad Barre, choncho banjali linathawa n'kukakhala ku Saudi Arabia, ku Ethiopia, kenako ku Nairobi. M'buku lawo lotchedwa Infidel amafotokoza kuti anachitidwa mdulidwe wa atsikana ali ndi zaka zisanu, mwa dongosolo la agogo awo aakazi, ndiponso kuti ali mtsikana ku Kenya anali Msilamu wolimbikira kwambiri. Mu 1992 anafika ku Netherlands, akunena kuti akuthawa ukwati umene bambo awo anawakonzera ndi mwamuna wokhala ku Canada. Anaphunzira Chidatchi, nayamba ntchito yotanthauzira anthu a ku Somalia m'zipatala ndi m'nyumba zosungirako amayi othawa nkhanza. Zimene ankamva kumeneko ndi zimene zinawapatsa mafunso. Atatsiriza maphunziro a zandale pa yunivesite ya Leiden, anasiya Chisilamu, ndipo mu 2003 anakhala phungu wa nyumba ya malamulo kudzera m'chipani cha VVD.

Mu 2004 analemba kanema wamfupi wotchedwa Submission, amene anajambulidwa ndi Theo van Gogh. M'kanemayo mavesi a Korani analembedwa pa matupi a amayi ozunzidwa, ndipo Asilamu ambiri anaona kuti ichi n'chipongwe chachikulu. Pa 2 November chaka chomwecho, Van Gogh akupalasa njinga mumsewu wa ku Amsterdam, Mohammed Bouyeri anamuombera n'kumupha, nasiya pathupi pake kalata yoopseza Hirsi Ali. Bouyeri anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Koma mkwiyo sunathere kukhoti: m'masiku otsatira kuphedwa kwa Van Gogh mizikiti inachitidwa chiwembu, ndipo sukulu ya ana a Chisilamu ya ku Uden inatenthedwa. Ana amene sankadziwa n'komwe za kanemayo anataya malo ophunzirira.

Mu 2006 nkhani yoti mayiwa anapereka dzina ndi tsiku lobadwa zabodza popempha malo othawirako inabuka mwamphamvu. Nduna Rita Verdonk inati unzika wawo ngosavomerezeka. Iwo anatula pansi udindo n'kupita ku America, ndipo mkanganowo unagwetsa boma la nduna yaikulu Balkenende. Ali kumeneko analemba Nomad mu 2010, Heretic mu 2015, momwe amati Chisilamu chiyenera kusintha pa mfundo zisanu kuphatikizapo sharia ndi jihad, komanso Prey mu 2021. Mu 2023 analengeza kuti tsopano ndi Mkhristu.

Chimene chinandigwira mtima kuno n'chakuti mabuku onsewa ali mulaibulale ya boma, ndipo pafupi nawo pali mabuku a Asilamu amene amawatsutsa. Lamulo loletsa kunyoza Mulungu linachotsedwa mu 2014, koma lamulo loletsa kunyoza gulu la anthu likadalipo, ndipo ndi limene linagwira wandale Geert Wilders mu 2016 pa zimene analankhula zokhudza anthu ochokera ku Morocco. Apa Adatchi amasiyanitsa zinthu ziwiri: chiphunzitso ukhoza kuchitsutsa mmene ungafunire, koma munthu usamunyoze chifukwa cha kumene anachokera. Boma linapatsa mayiwa asilikali owalondera, osati chifukwa nduna zonse zinkagwirizana nawo, koma chifukwa wolankhula sayenera kufera mawu ake.

Kwathu zikanayenda mwina. Tili ndi mbiri yotseka pakamwa pa olemba. Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo buku lake la ndakatulo linachotsedwa m'masitolo. Mboni za Yehova zinaletsedwa mu 1967, ndipo zikwizikwi zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Lero ufulu wolankhula uli m'malamulo aakulu a dziko, koma m'mitima mwathu mantha akadalimo. Mtsikana wa ku Mangochi atati alembe buku lofunsa mafunso pa zimene mashehe amaphunzitsa, kapena wa ku Dedza afunse za abusa ake, sitingayambe n'kufunsa ngati akunena zoona. Tingayambe n'kufunsa kuti ndi mwana wa yani, wamutuma ndani, nanga ulemu anausiya kuti. Akuluakulu a kubanja angamuyitane, nkhani n'kuthera m'nyumba.

Komabe pali chinthu chimene ife tili nacho chimene kuno chikusowa. Kwathu Mkhristu akakhala ndi ukwati kapena sadaka, amayitana Msilamu kuti adzazinge mbuzi, n'cholinga choti aliyense adye momasuka. Maliro akagwa, adzukulu safunsana za mpingo. M'mabanja ambiri a ku Machinga, Zomba ndi Nkhotakota muli wopita kumzikiti Lachisanu ndi wopita kutchalitchi Lamulungu, ndipo onse amadyera mbale imodzi. Mu 1994 dziko limene Akhristu ndi ochuluka linasankha Msilamu, a Bakili Muluzi, kukhala mtsogoleri. Sindikunena kuti sitinapunthwepo: chisankho cha 1999 chitatha mizikiti ina inatenthedwa kumpoto, ndipo mu 2019 mkangano wa hijabu unatseketsa sukulu kwathu ku Balaka. Koma nkhani ya hijabuyo inathera pa kukambirana, mothandizidwa ndi bungwe la PAC, mmene muli atsogoleri a zipembedzo zonse ziwiri. Kuno ndimakumana ndi anthu odziwa mabuku a Hirsi Ali mpaka kumapeto, koma sanalowepo m'nyumba ya Msilamu woyandikana nawo khomo.

N'chifukwa chake ndikamawerenga mabukuwa ndimavomera zina, zina ndimakana. Ndimavomera kuti mtsikana wokakamizidwa ukwati kapena wodulidwa ali ndi ufulu wofuula, ndipo palibe buku loyera limene liyenera kumutseka pakamwa. Koma ndimakana pamene mayiwa amalankhula ngati kuti Asilamu a dziko lonse lapansi ndi munthu mmodzi. Chisilamu cha ku Saudi Arabia chimene iwo anakumana nacho ali mwana si chimene ndinaona kwa amayi Achiyao amene ankatiphikira pa tsiku la Idi. Komanso mavuto a atsikana sasankha chipembedzo. Mdulidwe wa atsikana ukuchitika ngakhale pakati pa Akhristu ku Ethiopia ndi ku Egypt. Kwathu, maukwati a ana amene Inkosi Theresa Kachindamoto ankathetsa ku Dedza sanali a Asilamu okha, ndipo mpaka 2017 malamulo aakulu a dziko lathu ankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Tikamaloza mzikiti wokha, timabisa zimene zikuchitika kuseri kwa tchalitchi chathu.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambiwu uli ndi mbali ziwiri, ndipo dziko lililonse lagwira mbali imodzi. Kuno amatsina khutu mwaufulu, koma unansi ngochepa, choncho mawu oona amamveka ngati mwano kwa anthu amene akudzimva kale kuti ndi alendo. Kwathu unansi ulipo wambiri, koma poopa kuuwononga timasiya kutsinana khutu, ndipo amene amalipira mtendere umenewo nthawi zambiri ndi atsikana ndi amayi.

Pempho langa ndi ili. Inu anzanga muli kunja kuno, musatumize kwathu timakanema ta pa WhatsApp tonyoza Asilamu ngati kuti ndiyo nzeru imene mwaphunzira ku Ulaya. Kumudzi kuli azakhali anu ndi alamu anu amene amaswali kasanu pa tsiku. Inu muli kwathu, mashehe, abusa ndi makolo, mwana wanu akafunsa funso lowawa pa za chipembedzo, kaya pakamwa kaya m'buku, muyankheni. Ngati walakwa, lembani lanu buku lomutsutsa, koma musamuopseze kapena kumuthamangitsa pamudzi. Hirsi Ali analankhula atathawa kale kwawo. Wathu alankhule ali pakhomo, ndipo madzulo adye nafe nsima.