Kukoka ndi kwina, kuwawa ndi kwina

Dzanzi timalidziwa tonse. Ukapanikizika mu minibasi kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Dedza, potsika umaponda ngati mwendo ndi wobwereka. Koma dzanzi limene achipatala amakupatsa dala ndi jakisoni ndi lina, ndipo ambirife timalilandira popanda wotiuza zoti tiyembekezere.

Mankhwala omwe amabaya kawirikawiri pozula dzino, posoka bala, pa mdulidwe wa abambo, kapena poika kachipangizo kolera pamkono ndi lignocaine, ena amati lidocaine. Anawapanga ndi Nils Löfgren ku Sweden mu 1943. Kholo lake ndi cocaine. Inde, yemwe uja. Mu 1884 dokotala Carl Koller wa ku Vienna anaonetsa kuti ukadonthezera cocaine m'diso, umatha kuchita opaleshoni munthu ali maso osamva ululu.

Ululu ndi uthenga. Ukadzicheka chala, mtsempha umathamangitsa uthengawo ku ubongo ngati magetsi mu waya, ndipo kuti uyende pamafunika kuti sodium azilowa mu mtsemphamo kudzera m'tizitseko ting'onoting'ono. Lignocaine amatseka tizitsekoto. Bala lilipo, singano ikusoka, koma lipoti silikufika kulikulu.

Chimene sitiuzidwa n'chakuti mitsempha simagonja pamodzi. Yonyamula ululu imayamba kugona. Yomva kukanikiza ndi kukoka imakakamira, nthawi zina mpaka ntchito kutha.

Pamene ndinkazulitsa dzino lotafunira la m'munsi, sanandibaye padzinopo ayi. Singano inapita kuseri kwenikweni kwa nsagwada, kumene kumadutsa mtsempha waukulu. Pasanathe mphindi khumi, theka la mlomo ndi lilime sizinalinso zanga. Dokotala asanagwire chitsulo anati, “Mukamva kukoka musadandaule. Mukamva kulasa, mukweze dzanja.” Kukokako ndinakumva konse, ndi phokoso la dzino likugwedezeka m'mutu mwanga momwe, koma dzanja linakhala pamwendo. Mpaka lero ndimati mawu aja anali theka la mankhwala.

Munthu wosauzidwa zimenezi akamva kukoka amadzidzimuka, amvekere, “Sanagwire, sanagwire!” Ameneyo sandidetsa nkhawa kwambiri, poti wayankhula. Amene amandimvetsa chisoni ndi uja akumva kuwawa kwenikweni koma wangoti zii, misozi ili chuchuchu, chifukwa anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, kapena akuopa kuti anamwino amukalipira. Mayi amene akusokedwa atangobereka kumene amathanso kungoluma chitenje, poganiza kuti ndi mmene zimakhalira.

Chonsecho dzanzi limakanika ndithu, ndipo si ufiti kapena magazi olimba. Pamalo pamene patupa ndi mafinya pamakhala asidi wambiri, ndipo mu asidi lignocaine amavutika kuboola khungu la mtsempha kuti akafike pa tizitseko tija. N'chifukwa chake munthu wodikira mpaka tsaya litafufuma ngati mandasi ndiye amazunzika pampando. Nthawi zina mankhwala amangophonya mtsempha pang'ono, kapena ntchito yayambika asanagwire. Zonsezi zili ndi pokonzera: kudikira, kuwonjezera, kubaya malo ena. Koma dokotala alibe makina oyezera ululu wako.

Kulinso mbali ina yoopsa. Mlingo wa mankhwalawa amawerengera potengera kulemera kwa thupi. Akachuluka, kapena akalowa mwangozi mu mtsempha wa magazi, amakatsekanso tizitseko ta mu ubongo ndi mu mtima. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika munthu amatha kuphupha ngati wa khunyu, mtima n'kusokonezeka. Zizindikiro zoyamba zimakhala za mkati: dzanzi kuzungulira pakamwa pamene akubaya pamwendo, kukoma kwa chitsulo palilime, kulira m'makutu, chizungulire. Woyamba kuzidziwa ndi wogona pabedi uja, osati wogwira jakisoni. Ubwino wa dzanzi, kusiyana ndi mankhwala ogonetsa, ndi womwewu, woti uli maso ndipo ukhoza kunena.

Kugunda kwa mtima kwa kamphindi utangobayidwa ku mano nthawi zambiri ndi adrenaline, yemwe amasakaniza m'mankhwalawa kuti afinye mitsempha ya magazi, dzanzi likhalitse, magazi asatuluke ambiri. Kumatha kokha. Komabe kuneneni.

Ukatuluka, mlomo umakhalabe wakufa maola awiri kapena atatu. Umamwetulira mbali imodzi, dovu likutsika iwe osadziwa. Akuluakulu amadziwotcha ndi tiyi nthawi imeneyi. Ana ndiye amachita chidwi ndi mlomo wosamva uja n'kumautafuna ngati chingamu, mawa lake n'kudzuka ndi chilonda choposa cha dzino.