Mibawa ya Anganga

Ramadhan ino ndi yoyamba kumasula popanda anganga pakhonde. Mkeka wawo tidaupinda, koma ng'oma yawo ya beni idakali pamsomali pomwe ankaipachika mwezi ukaoneka, kuti idikire Eid.

Anganga adali msilikali wa King's African Rifles. Adalembedwa ku Zomba ali mnyamata, nakwera sitima yapamadzi kupita ku Ceylon, kenaka ku Burma. Kumeneko, mu 1944, asilikali a ku Nyasaland adamenyana ndi a Japan m'chigwa cha Kabaw mvula ikugwa usana ndi usiku, mpaka adafika pamtsinje wa Chindwin. Chaka chawo chobadwa sankachidziwa, koma adaona zidzukulutudzi zawo zikupita kusukulu.

Za mfuti sankakamba. Tikawaumiriza, ankatiuza za malungo, za misundu yokakamira m'miyendo, ndi za njovu zonyamula mitengo yomangira milatho. Chomwe chinkawagwetsa nkhope chidali nkhalango. Ankati adaona mitengo italiitali itathyokathyoka ndi mabomba, ndipo m'mawa mwake simunkamveka mbalame ngakhale imodzi.

Atabwerako adayamba kudzala mibawa m'mbali mwa kamtsinje ka kuseri kwa mudzi. Anthu ankawaseka, poti mbawa umachedwa kukula ndipo woudzala kawirikawiri sadyerera. Iwo ankangothirira. Ife tidakulira mumthunzi umenewo. Akatha swala ya m'bandakucha ankatitenga kupita kumtsinje, nkutiuza kuti titseke pakamwa timvere. Adatiphunzitsa kusiyanitsa kulira kwa njiwa, kwa pumbwa ndi kwa mpheta tisanaione mbalameyo. Mwana akapezeka ndi legeni, tsiku limenelo ankadya nsima maso ali pansi.

Pa beni ndiye adali katswiri. Gule ameneyu amatsanzira perete wa asilikali, ndipo iwo perete weniweniyo adamuguba. Ankatsogola wezulo ali pakamwa, mamendulo akuwala pachifuwa, mpaka miyendo idayamba kukana. Atakalamba ankaimba ng'oma ali pampando. Mu Novembala, pamwambo wokumbukira asilikali pachipilala cha KAR ku Zomba, ankaima chilili osagwedera, koma pofika kunyumba ankayamba kaye akazonda mitengo yawo asanavule jekete.

Tsopano nkhani yatigwera ife. Sabata yatha kudabwera munthu wocheka matabwa, ndipo ndalama zomwe watchula pa mibawa ija si zochepa. Nyumba ya amayi ikudontha, ndipo ana awiri akufunika fizi ya kusekondale. Ena mwa ife akuti anganga sakadalola mwana kusiya sukulu chifukwa cha mtengo. Ena akukumbutsa za namondwe wa Freddy mu 2023, pomwe madzi adakokolola madimba a anzathu kumunsi, koma gombe lathu lidagwira chifukwa cha mizu ija. Onse akunena zoona, nchifukwa chake futari yathu masiku ano ikumadyedwa mwakachetechete.

Tagwirizana kuti nkhwangwa isakhudze mtengo uliwonse mpaka tidzakhale pansi ikatha Eid. Padakali pano, tikatha kudya daku ndi kuswali, timatenga ana kupita kumtsinje kukamvera mbalame, monga ankachitira eni ake. Dzulo kamdzukulu kawo kamng'ono kadazindikira pumbwa pokhapokha.

Tikumbukireni m'madua anu, ndipo Allah awakhululukire anganga, awapatse mthunzi wabwino.