Mutu wa Project Yako Uli ku Kanyama

Iwe wa ku CBU amene uphunzira kujambula mapulani ya nyumba, manje uli kusakila mutu wa project? Leka kukopela manyumba ya magalasi ya ku Dubai. Vala ma gumboot, kwela basi upite ku Kanyama mu January.

Ukatsika, yang'ana pansi. Komboni iyi ili pamwamba pa mwala wa laimu ndipo malo ni yosatsetsereka, ndiye mvula ikagwa madzi yangokhala. Yasefukila mu vimbudzi, yalowa mu vitsime. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inavuta maningi kuno.

Tulutsa foni. Ika pa OpenStreetMap pamene madzi yaima, pamene pali kiosk ya madzi, na tunjira tumene ambulansi siingapite. Funsa amayi ogulitsa tomato pa kona, akuonetsa pa chipupa pamene madzi yanafika chaka chatha.

Lowa mu yadi imodzi. Landlord wawonjezela marumu yangati kumbuyo? Mabanja yangati pa chimbudzi chimodzi? Mphepo ilowela kuti? Pima, jambula.

Usaiwale mbiri. Lusaka inakhala likulu mu 1935, mapulani yake yanaganizila azungu na maluwa yawo. Antchito anakhala mu makomboni ya makontrakita, ndiye chifukwa tili na John Laing. Lamulo la 1974 linabweretsa occupancy licence ya zaka 30. Nanga pepala iyo ilimbitsa munthu mtima kumanga nyumba yolimba?

Yamba manje, mvula ikalibe kutha. Ukachedwa upeza fumbi chabe.