Mwini maakaunti ndani m'maofesi a fodya ku Kasungu?

Ntchito yanga ndi yolumikiza makompyuta m'maofesi a kuno ku Kasungu: kukoka mawaya, kutchera makina ogawira netiweki, kukonza zoti pulinta imodzi itumikire chipinda chonse, ndi kuonetsetsa kuti fayilo yosungidwa pa kompyuta imodzi ikutseguka pa inzake. Ambiri mwa maofesiwa amadyera fodya, kaya ndi a esiteti, a mabungwe a alimi, a ogulitsa zipangizo zaulimi kapena a eni malole onyamula mabelo kupita ku msika wa Chinkhoma. Pali lamulo lina limene ife a ntchitoyi timangopatsirana pakamwa, loti ofesi ya makompyuta osapitirira 10 ikhale pa workgroup, domain tiisiyire mabanki ndi makampani akuluakulu. Ine lamuloli ndimalikana. Limawerenga makina, chonsecho chofunika kuwerenga ndi anthu amene amalowa ndi kutuluka mu ofesiyo chaka chisanathe, komanso kulemera kwa zimene manja awo akugwira.

Pa workgroup kompyuta iliyonse imadzilamulira yokha. Imasunga mndandanda wakewake wa anthu ololedwa kulowamo pamodzi ndi mapasiwedi awo, ndipo mndandanda wa inzake siuudziwa. Dzina la workgroup limangothandiza kuti makinawo aonane pa netiweki, silitseka khomo lililonse. Kalaki amene akufunika kugwiritsa ntchito makompyuta 6 ayenera kutsekuliridwa akaunti pa iliyonse mwa 6 imeneyo, ndipo akasintha pasiwedi asinthe ponseponse. Njirayi inafala ndi Windows for Workgroups ya mu 1992, yopangidwira kagulu ka anthu odziwana. Domain inabwera ndi Windows NT mu 1993, kenako inakhwima ndi Active Directory mu Windows 2000. Apa mndandanda ndi umodzi, wosungidwa pa seva yotchedwa domain controller, ndipo kompyuta iliyonse yolowa m'gulumo imafunsa sevayo isanalole munthu kulowa. Zikufanana ndi kulembetsa kwa mlimi ku Tobacco Commission: amalembetsa kumodzi, nambala yake n'kumamuzindikiritsa pa belo lililonse mpaka ku okushoni, ndipo palibe kalaki wa pa depoti amene amampangira nambala ina ya m'mutu mwake.

Tsopano taganizirani mmene chaka cha fodya chimayendera. Nthawi ya nazale ndi yowokera ofesi imakhala ndi anthu ochepa okhazikika. Fodya akayamba kuuma m'zigafa ndi m'mabalani, kusankha ndi kudinda kukayambika, makalaki aganyu amalembedwa, ndipo msika ukatsegulidwa cha mu Epulo pa desiki limodzi pamasinthana anthu atatu kapena anayi. Msika ukatsekedwa ambiri amabalalika, ena n'kukalembedwa pa kampani yopikisana nayo chaka chotsatira. Palibe bwana amene ali ndi nthawi yoyendera kompyuta iliyonse kutsekula ndi kutseka maakaunti pakati pa piringupiringu ameneyu. Chimene chimachitika n'chodziwika kwa aliyense wa ntchito yathu: pamatsekulidwa akaunti imodzi ya onse, pasiwedi yake n'kulembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa kiyibodi, ndipo imakhala yomweyo nyengo ndi nyengo chifukwa kuisintha n'kusokoneza ofesi yonse. Chiyambireni ulimi wa kontirakiti wa IPS mu 2012, zambiri zosungidwa m'makompyutawa ndi ngongole za feteleza, mbewu ndi mankhwala zimene zimadulidwa mlimi akagulitsa. Matumba 8 akasanduka 18 pa dzina la mlimi wa ku Santhe kapena ku Chamama, banja limenelo lagwira ntchito chaka chonse pachabe. Mukafufuza amene anasintha, kompyuta ikuuzani dzina la akaunti ya onse ija, lomwe silikuloza munthu aliyense. Wolakwa amabisala pamenepo, ndipo kalaki wosalakwa alibe chodziyeretsera nacho.

Domain imachiza nthenda imeneyi pa gwero pake. Munthu aliyense ali ndi akaunti imodzi ya dzina lake, yolowera pa makina onse amene waloledwa. Potsekula akauntiyo mutha kuikiratu tsiku loti idzafe, moti kalaki wolembedwa mpaka kumapeto kwa Ogasiti sangalowenso pa 1 Seputembala ngakhale aliyense ataiwala za iye. Anthu amaikidwa m'magulu, a zowerengera ndalama paokha, a sikelo paokha, ndipo foda ya ngongole imatsegukira gulu limodzi lokha. Kudzera mu Group Policy mumalamula kamodzi kuti sikirini izidzitseka munthu akachoka pampando, kapena kuti fulashi isagwire pa makompyuta ena, lamulolo n'kufika pa makina onse. Mukayatsa kaundula wa zochitika, amalemba dzina la amene anatsegula fayilo ndi nthawi yake. Popeza dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, la Data Protection Act la 2024, ofesi yosunga manambala a ziphaso ndi a kubanki a alimi mazanamazana iyenera kutha kunena amene ali ndi mwayi wowaona.

Chotsutsa choyamba chimene ndimamva ndi magetsi, ndipo sindichipeputsa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kumene kunatsatira palibe waiwala. Anthu amafunsa kuti seva ikazima, ofesi yonse siyima kodi? Yankho n'lakuti siyima yonse. Windows imakumbukira anthu amene alowa posachedwa pa kompyutayo, mpaka 10 ngati palibe wasintha, choncho mwini laputopu amalowabe ndi kupitiriza ntchito. Chimene sangafikire ndi mafayilo a pa seva, koma vuto limeneli lilinso pa workgroup, pamene mafayilo a onse amakhala pa kompyuta ya akauntanti, yomwe imazima limodzi ndi zinzake. Seva ya ofesi ya anthu 15 siifunika kukhala chimakina cholira mu chipinda chozizira. Kompyuta yaing'ono yosadya magetsi ambiri, yokhala pa batire ndi inveta kapena pa sola, imakwanira. Chofooka chenicheni cha domain pa nkhani ya magetsi chili pa wotchi. Njira yotsimikizira anthu yotchedwa Kerberos imakana kompyuta imene nthawi yake yasiyana ndi ya seva ndi mphindi zopitirira 5. M'kati mwa kompyuta iliyonse muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, kosunga nthawi makina akazima. Makompyuta ambiri a kuno ndi ogula akale, kabatire kameneka kanatha mphamvu, ndiye magetsi akabwerera deti limabwerera zaka zambiri kumbuyo ndipo munthu amakanidwa ngakhale pasiwedi ili yolondola. Mankhwala ake ndi otchipa, kusintha timabatireto musanalumikize makinawo ku domain, koma mmisiri wosadziwa izi amataya tsiku lathunthu akufufuza mawaya.

Chotsutsa chachiwiri ndi mtengo. Layisensi ya Windows Server imagulidwa pa dola, pamwamba pake pamafunikanso layisensi ya munthu aliyense kapena makina aliwonse olumikizidwa, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengoyi inakwera moti bungwe la alimi silingaiyang'ane kawiri. Komanso Windows ya mtundu wa Home, imene imabwera pa malaputopu ambiri a m'sitolo, siingalowe mu domain, imafuna kukwezedwa kukhala Pro. Zonsezi n'zoona. Koma kuyambira Disembala 2012, pulogalamu yaulere ya Samba 4 yoikidwa pa Linux imatha kugwira ntchito ya domain controller, ndipo makompyuta a Windows amailandira bwinobwino. Mtengo ukuchoka pa layisensi, ukupita pa luso la munthu woikonza. Apa ena amati tikungodzipangira ntchito, kuti ofesi izitidalira mpaka kalekale. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, pakuti alipo amisiri amene amachoka ndi pasiwedi ya woyang'anira m'mutu mwawo, ofesi n'kutsala yogwidwa pakhosi. Mmisiri woona amalemba zonse zimene wachita m'buku lokhala mu ofesimo, amapereka pasiwedi yaikuluyo mu envelopu yomata kwa akuluakulu awiri a bungwe, ndipo amaphunzitsa mmodzi wa ogwira ntchito okhazikika kutsekula ndi kutseka maakaunti. Amaikanso domain controller yachiwiri, ngakhale pa makina akale, kuti imodzi ikafa mndandanda usafere limodzi nayo. Amene akukana kuchita izi musamupatse ntchito.

Achinyamata a ntchito yathu amanena kuti zonsezi zapita kale, maakaunti masiku ano amasungidwa pa intaneti kudzera mu Microsoft Entra ID, yomwe mpaka 2023 inkatchedwa Azure Active Directory. Sindikangana nawo kwambiri, chifukwa mfundo yathu ndi imodzi: mndandanda ukhale umodzi, munthu aliyense ndi dzina lake. Kwa ofesi ya m'tauni ya Kasungu yokhala ndi intaneti yodalirika ndi njira yabwino. Kwa esiteti ya kutali ndi msewu wa M1, kumene netiweki ya foni imadukaduka, ndalama yolipira mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense, ya dola, kuphatikizapo mabandulo, imalemera kuposa kabokosi kokhala pa shelefu ya mu ofesi momwemo.

Workgroup ili ndi malo ake. Sitolo ya feteleza ya mwiniwake, mkazi wake ndi wogulitsa mmodzi wokhazikika siifunika seva, ndipo kuiumiriza domain n'kuidyera ndalama. Ingodziwa malire: Windows wamba siilola makina oposa 20 kulumikizana nayo nthawi imodzi pogawana mafayilo, ndipo aliyense akhalebe ndi akaunti yake yopanda mphamvu za woyang'anira. Njira yakale yogawanira mafayilo ya SMB1, imene vayirasi ya WannaCry inadutsira mu Meyi 2017, izimitsidwe ngakhale pulinta yakale ikuifuna. Makina a Windows 10, amene Microsoft inasiya kuwasamalira pa 14 Okutobala 2025, akonzedwere ndondomeko yowakwezera kapena kuwasintha. Koma sitolo yomweyo ikayamba kukongoza alimi ndi kulemba makalaki a nyengo, nthawi yoyenera kusamukira ku domain ndi miyezi ya pakati pa kutsekedwa kwa msika ndi kugwa kwa mvula, pamene ofesi ili phee ndipo mmisiri angathe kuzimitsa makina masiku awiri osaimitsa belo la munthu.