Msonkhano wa Mau Athu

Ife a m'mbali mwa nyanja timadziwa kusonkhana. Nyengo ya mganda ndi ciwoda ikafika, a ku Metangula, a ku Messumba ndi a ku Cóbuè timacezerana. Ng'oma zimalira, nyimbo zatsopano zimamveka. Koma gule akatha, nyimbozo zimangotsala m'mitu mwathu. Wopeka nyimbo akamwalira, zambiri zimapita naye kumanda.

Anzathu ena anapeza njira yosungira mau ao. Ku India kuli anthu olankhula Cimarathi. Iwo anayamba msonkhano wa olemba mabuku m'caka ca 1878, mumzinda wa Pune. Masiku ano umacitika pafupifupi caka ciriconse, ndipo umasinthasintha malo. Anthu ambirimbiri amabwera kudzamva ndakatulo ndi kudzagula mabuku a cinenero cao. Mwana amaona ndi maso ake munthu amene analemba buku, ndipo nayenso amalakalaka kulemba.

Koma mavuto aliponso. Nthawi zina akuluakulu a ndale amakhala pa mipando yakutsogolo ndi kulankhula nthawi yaitali, olemba ali cete. Nthawi zina anthu amakangana posankha mtsogoleri wa msonkhano. Ndiponso ndalama zikacokera kwa olamula, wolemba amaopa kunena zoona.

Nanga kwathu kuno? Cinyanja cathu cinalowa m'mabuku kalekale. Baibulo lonse la m'Cinyanja ca kunyanja linatuluka m'caka ca 1912, nchito ya William Percival Johnson ndi omuthandiza. M'caka ca 1982 olemba a ku Mozambique anayambitsa bungwe lao, AEMO, ku Maputo, koma mabuku ao ambiri ndi a m'Cipwitikizi. M'caka ca 1988 akatswiri anakumana ku Maputo kuti agwirizane za kalembedwe ka zinenero za dziko lino. Anakumananso mu 1999 ndi mu 2008.

Misonkhano imeneyi inatithandiza, pakuti anthu akalemba mofanana amawerengerana mosavuta. Koma Maputo ndi kutali. Msodzi amene amadziwa maina a mphepo, mwera, mpoto ndi vuma, sangafikeko. Mai amene amadziwa nthano ndi nyimbo za pamtondo sangasiye munda wake.

Cifukwa cace ife tikufuna msonkhano wathu wa caka ndi caka, pompano pa nyanja. Ucitike tikatha kukolola, pamene njira zauma. Caka cino ukhale mudzi uno, caka camawa mudzi wina, monga timacitira ndi mganda. Oyamba kulankhula akhale agogo athu. Alendo olemekezeka akhale pansi, amvere. Aliyense abwere ndi ufa ndi usipa wake, kuti pasakhale munthu wotigula pakamwa.

Ife amene tikuphunzira kulemba tiri ndi nchito yaikuru. Tibwere ndi kope ndi pensulo. Tilembe nthano, miyambi, zilape ndi maina a nsomba. Kope limenelo litsale pasukulu ya m'mudzimo, kuti ana aziwerenga. Msonkhano wongodya ndi kuomba m'manja, wosasiya cowerenga, ndi wotaya nthawi.

Makolo anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Koma kuti agonere, pafunika wina awalembe eni ake akali moyo. Manja athu anazolowera khasu ndi nkhafi. Tsopano akuzolowera pensulo. Tiyeni tiyambe caka cino.