Kansalu Kamodzi Kanasowa

Mai wina wa ku Katete, amene anagwira nchito ya unamwino zaka zambiri pa cipatala cina ca ku Migodi, saiwala tsiku limene anakhala cete pamene anayenera kulankhula. Anali asanathe caka pa nchito. Adotolo atang'amba mimba ya wodwala ndi kukonza zonse, anayamba kusoka. Namwinoyo anawerenga tinsalu topukutira mwazi napeza kuti kamodzi palibe. Koma adotolowo anali munthu wamkulu, waukali ndithu, ndipo iye analeredwa kwao kuti mwana satsutsa akulu. Anameza mau. Patapita masiku wodwalayo anatentha thupi, nabwezedwa kukang'ambidwanso. Kansalu kaja kanapezeka m'mimba. Anacira, koma movutika.

Mantha otere anaphetsapo anthu m'ndeke. Pa 27 March 1977 ndeke ziwiri zinagundana pa bwalo la ku Tenerife kuli nkhungu, ndipo anthu 583 anafa. Mmodzi wa othandiza woyendetsa ndeke ya KLM anafunsa ngati ndeke inayo inali itacoka panjira. Mkulu wake anangoti inde, ndipo iye sanafunsenso. Ngozi zotere zinacititsa makampani a ndeke kuphunzitsa anchito ao kuti wamng'ono akaona colakwika anene poyera, wamkulunso amve.

Ndeke iliyonse yonyamuka pa bwalo la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola siuluka oyendetsa asanawerengerane mndandanda wa zofunika. Mu 2008 bungwe la WHO linatengera nzeru imeneyi nililemba mfundo 19 za m'cipinda ca opareshoni. Gulu lonse liima katatu: wodwala asanagonekedwe tulo, mpeni usanakhudze khungu, ndiponso wodwala asanatulutsidwe. Aliyense achula dzina lake ndi nchito yake, ngakhale wongoyamba kumene, pakuti pakamwa pamene patseguka kamodzi sipavuta kutsegukanso. Pomaliza namwino anena mokweza ngati tinsalu ndi masingano zakwanira. M'zipatala 8 zimene anayesamo njirayi, kuphatikizapo ca ku Ifakara ku Tanzania, imfa zinatsika kucokera pa odwala 15 mwa 1,000 kufika pa 8.

Mai uja anapuma nchito ndipo akhala ku Kitwe. M'zaka zake zomalizira, namwino watsopano akabwera, anali kumuimika pakhomo la cipinda namuuza kuti anene mau awa: "Adotolo, taimani pang'ono, kansalu kamodzi sikakuoneka." Mtsikanayo anali kubwereza kufikira liu lake litaleka kunjenjemera.