Foni yanga ili pansi pa nyanja chakufupi ndi Namalenje

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, ambiri mwakhala mukundifunsa komwe ndinasowera sabata zitatu zija mu June. Ena mumati ndakwatira mwakabisira, ena mumati ndalowera ku Joni. Ayi ndithu. Foni yanga inamira, ndipo inamira ndi zinthu zimene sizinali zanga ndekha. Ndalemba motalika, koma musadandaule, mawu sadya bandulo ngati mavidiyo mumatumizirana usiku aja.

Bambo anga akhala akupha usipa pa doko lathu ku Senga Bay kuyambira ine ndisanabadwe. Ali ndi chilimira chimodzi, boti la injini ndi mabwato a nyali. Za ndalama zonse ankalemba m'kope lakuda lachikuto cholimba, lonunkha nsomba ndi petulo: mafuta tagula malita angati, mlovi uyu watapa zingati, mayi uja wa ku Lilongwe watenga zigoba zingati. Inu mukudziwa mmene malonda athu amayendera. Usipa ukagwidwa wambiri sudikira kuti ogula apeze kaye ndalama. Umapatsa munthu pa ngongole, akaumitse pa thandala, akagulitse kutauni, adzakupatse pobwera. Ndiye kope lija ndilo linali banki ya banja lathu.

Nditalemba Fomu 4 ndinagula ka Tecno, basi mutu kukula. Tsiku lina kope linanyowa, inki kuyenderera, masamba awiri osawerengeka. Ndinati mwayi ndi womwewu. "Bambo, zamakopezi n'zachikale. Ndizilemba pafoni." Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga iwe, foniyo ikadzafa?" Ine ndi mtima wonse ndinayankha kuti zonse zimasungika pa intaneti, foni itha kufa koma zolemba sizifa. Iwo anangoti, "Chabwino, wophunzira ndiwe."

Ndisaname, zinayenda bwino miyezi isanu ndi iwiri. Pa WhatsApp munthu umatha kudzitumizira wekha uthenga pa nambala yako yomwe, ndiye m'mawa uliwonse boti likakocheza ndinkalemba pamenepo: tsiku, zigoba, mtengo, amene walipira ndi amene watenga pa ngongole. Wotenga pa ngongole ndinkamupempha anditumizire voice note yonena yekha kuti watenga zakuti, adzapereka tsiku lakuti. Mikangano ya "ine ndinatenga khumi osati khumi ndi ziwiri" inatheratu, chifukwa munthu sangakane mawu ake omwe. Ndinaikanso app ya Windy, imene imaonetsa mphepo ola ndi ola, kumene ikuchokera ndi mphamvu yake. Bambo ankaiseka, amvekere mwera amauona pa mitambo ndi pa khungu la nyanja, koma madzulo ndinkawamva akufunsa chapansipansi kuti, "Kanthu kako kaja kakuti bwanji za usiku uno?"

Tsiku la tsokalo kunalibe ngakhale mwera woti ndinamizire. Mwezi unali mumdima, nyanja ili phee, siginala ataunjika kale usipa pansi pa nyali. Ndinayatsa tochi ya foni kuti ndione chingwe chimene chinakodwa, n'kuiika m'thumba la malaya osazimitsa. Nditawerama kuti ndikoke, ndinangomva chubwi. Ndinaiona ndi maso angawa ikutsika, kuwala kukucheperachepera ngati chiphaniphani, mpaka zii. Mlovi wina anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya.

Poyamba sindinade nkhawa kwambiri. Ndinapita ku Salima ndi chiphaso changa cha unzika, anandibwezera nambala yanga pa simu ina, ndipo ndalama za mufoni ndinazipeza zonse. Apa mudziwe: ndalama za Airtel Money kapena Mpamba zimatsata nambala, sizikhala m'foni mwenimwenimo. Ndinagula ka itel kogwiritsidwa kale ntchito, ndikuti madzulo ano zonse zibwerera.

Vuto loyamba, pasiwedi ya Gmail. Akaunti anandipangira ndi mnyamata amene anandigulitsa foni yoyamba ija, ine sindinaifunse n'komwe. Ndi angati mwa inu mukuidziwa yanu? Mwamwayi anaikapo nambala yanga, ndiye Google inanditumizira kodi pa SMS n'kulowa. Ndinaika WhatsApp, inafufuza, inapeza backup. Mtima pansi. Koma nditayang'ana tsiku lake, miyendo inazizira: November, tsiku limene ndinapita kukaona msuweni wanga amene amagwira ntchito pa loji ina, n'kulumikiza Wi-Fi yawo. Kuchokera pamenepo, palibe chinasungidwa olo chimodzi.

Mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene ndinagwera. WhatsApp imasunga makalata anu ku Google Drive, zoona, koma mmene imabwerera imadikira Wi-Fi. Siigwiritsa ntchito bandulo yanu pokhapokha muiuze nokha. Anthu amene anaipanga amakhala m'nyumba za Wi-Fi. Nanga ife pa doko Wi-Fi tiitenga kuti? Miyezi yonseyo foni yanga inkangodikira chinthu chimene sichikanabwera, ine ndili kudzitama kwa bambo.

Kuwauza kunali kovuta kuposa kutaya foniyo. Ndinawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa osadzutsa mutu, "Ndiye pa intaneti paja palibe?" Ndinati palibe. Anakhala chete, kenako anayamba kutchula mayina a angongole pamtima, uku akusoka, ine ndikulemba pa katoni ya sopo. Anakumbukira anthu asanu ndi anayi. Ine ndinkadziwa kuti anali oposa pamenepo, koma ena mayina awo ndinali nditangowasunga m'foni ngati "Mayi Area 25" ndi "Bambo wa Sienta", ndipo manambalawo anapita limodzi ndi foni.

Chimene chinatipulumutsa pang'ono n'chakuti uthenga wa WhatsApp umakhala mbali ziwiri. Wanga unamira, koma wa winayo unalipo. Mayi wina wa ku Lilongwe atamva, ananditumiziranso ma voice note ake onse, kuphatikizapo ngongole ya zigoba zisanu ndi chimodzi imene bambo ndi ine tinali titaiwala. Ndinachita manyazi ndi mmene ndinkamunenera kuti ndi wovuta pa mtengo. Koma bambo wina amene wadya nsima pakhomo pathu kangapo anati, "Ndinakupatsani kale, fufuzani m'foni mwanumo." Ankadziwa bwino kumene foniyo ili. K140,000 inapita choncho. Kwa alovi nakonso kunavuta, poti aliyense ankakumbukira kuti anatapa zochepa. Mmodzi anakwiya n'kupita ku boti lina, munthu amene wakoka chilimira ndi bambo zaka zambiri. Ndalama zija ndikubweza pang'onopang'ono pa gawo langa, koma za mloviyo sindikudziwa kuti ndibweza bwanji.

Ndiye tsegulani WhatsApp yanu pompano, musati mawa. Pitani pa Settings, kenako Chats, kenako Chat backup. Onani tsiku limene yalemba kuti inasunga komaliza. Ena mudabwa ngati ine. Pansi pake pali poti Back up using cellular, yatsani pamenepo. Pa Include videos musayatse, apo ayi bandulo itha ngati mafuta a injini yakale. Ulendo woyamba imadya ndithu, choncho chitani tsiku limene mwagula bandulo yaikulu, koma masiku otsatira imangowonjezera zatsopano. Manambala a anthu muziwasunga ku akaunti ya Google osati m'foni. Pasiwedi ilembeni papepala, muike m'sutikesi mmene amayi amasungamo makadi a kusikelo.

Nzeru imene ndikuikonda kwambiri sinachokere kwa ine, anandipatsa ndi mlongo wanga. M'malo modzitumizira ndekha, tinapanga gulu la anthu atatu: ine, iyeyo ndi malume. Za malonda zonse ndimalemba m'menemo, ndi ma voice note a angongole ndimaponya momwemo. Uthenga ukangochonga kawiri ndiye kuti wafika m'mafoni ena awiri amene sakwera boti. Kuipa kwake n'kwakuti mlongo wanga tsopano amadziwa tsiku limene ndagawana bwino, ndiye uthenga wa "achimwene mundiganizireko" suchedwa kkkk.

Ndinagulanso kathumba kapulasitiki kotsekera madzi, kachingwe kovala m'khosi kaja. Musanakakhulupirire, ikanimo kapepala kouma, mutseke, mumize m'beseni kwa ola. Koyamba kamene ndinagula kanalephera mayeso amenewa. Chingwecho n'chofunika kuposa thumbalo, chifukwa foni youma imene ili pansi pa nyanja ilibe phindu. Ikakunyowerani pamtunda, zimitsani msanga ndipo musaichaje mpaka iume bwinobwino. Zoika mu mpunga zija musadalire, mpungawo phikani mudyere kampango.

Power bank nayo ndinagula, kuti ndisamasiye foni pa shopu yochajitsa pamene aliyense amaigwira. Musanamizidwe ndi manambala a pa bokosi. Ya 10,000mAh siidzadza foni ya 5,000mAh kawiri, chifukwa moto wina umatayika panjira. Mukapeza kamodzi ndi pang'ono ndiye kuti ili bwino. Ikakhala yaing'ono, yopepuka, yotchipa, koma alembapo 50,000mAh, isiyeni pomwepo.

Bambo sananditengere ntchitoyo, ngakhale ndinkayembekezera choncho. Anangopita pa golosale n'kugula kope lina lakuda, ndipo limakhala m'jumbo kunyumba. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi timakhala pakhonde, ine ndimawerenga za m'foni, iwo n'kumalemba pang'onopang'ono ndi bolopeni yawo. Sabata yatha anandiimitsa pakati, amvekere, "Bwereza za Lachinayi." Ndinabwereza. Anati mafuta tinagula malita 25 osati 20, analipo iwo eni ake. Ndinafufuza SMS ya malipiro, ndinapeza kuti akunena zoona. Analemba 25 n'kunena kuti, "Pitiriza."